Pepala limodzi, mbali imodzi, lomata pakhoma

Tsiku la Pasaka pa 23 April 1916 azibambo atatu anali ku Liberty Hall mu mzinda wa Dublin, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi makina osindikizira okalamba a mtundu wa Wharfedale omwe ankagwira ntchito mochita kuwanyengerera. Mayina awo ndi Christopher Brady, Michael Molloy ndi Liam O'Brien. Anapatsidwa chikalata choti chikhale chitatuluka kusanache, cholengeza kuti Ireland yachoka m'manja mwa Angerezi ndipo yaima payokha. Vuto linali loti zilembo sizimakwana. Kumbukirani nthawi imeneyo kunalibe zoti wakhala pa kompyuta ukungodina, chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, umatola kamodzikamodzi nkumandandalika m'mizere, ndipo zikatha ndiye kuti zatha basi. Anabwereka zina kwa wosindikiza wina, Mngerezi ndithu, koma sizinakwanebe, mpaka anaganiza zosindikiza theka lakumtunda kaye, kenako nkumasula zilembo zija, kuzisanjanso kuti zipange theka lakumunsi, nkubwezanso mapepala omwe aja m'makina. Chilembo cha e chinawathera panjira, anangotola ma e a mitundu ina osafanana ndi anzawo nkuponyamo. Pamutu penipeni panasowa E wamkulu, nde anatenga F nkumumata kamwendo ka phula, wasanduka E.

Mawa lake Lolemba masana Patrick Pearse, mmodzi wa atsogoleri a oukirawo, anaima panja pa positi ofesi yayikulu ya mu Dublin nkuwerenga pepalalo mokweza, ena ali kalikiliki kumata makope ake m'makoma. Anasindikiza pafupifupi 1,000. Anthu 7 omwe mayina awo ali kumunsi kwa pepalalo onse anawomberedwa kundende ya Kilmainham mwezi wa May usanafike ndi pakati pomwe. Lero ukaliona pepalalo, ndi ma e ake osokonekera aja komanso E wa phula uja, sufunanso munthu wokuuza kuti anthuwa anali pa changu, analibe zipangizo, ndipo ankagwira ntchito khutu lili kukhomo. Mawu akukamba za ufulu koma maonekedwe akukamba za usiku umene uja. Mukatenga mawu omwewo nkuwatayipa bwinobwino mu Word, kuwatulutsa pa printer ya kuofesi, mawu onse adzakhalapo koma theka la nkhani lidzakhala litatsala ku Liberty Hall.

Chinthu chotere azungu amachitcha broadside. Ife tilibe dzina lake lenileni, ena angati posta, ena chikalata, ena kapepala, koma tonse tinachionapo. Ndi pepala limodzi, losindikizidwa mbali imodzi yokha, kuseri kulibe kanthu chifukwa kuseriko ndi kopaka guluu. Pamakhala ndakatulo, nyimbo, chilengezo, nkhani ya munthu wopachikidwa, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso chithunzi. Ineyo ndakhala ndikukangana ndi anzanga olemba pa nkhani imeneyi chifukwa ambiri amaona ngati pepala lotere ndi mphwake wa buku, chinthu chomwe umapanga podikira kuti ndalama ya buku ipezeke. Ndimakana. Pa pepala limodzi mawu ndi maonekedwe sizisiyanitsika, amene wasankha kukula kwa zilembo ndi pamene chithunzi chikhale walembako ndakatuloyo, olo dzina lake lisaoneke. M'buku wosindikiza amabisala, ntchito yake ndi yoti usamuone. Pakhoma sangabisale, akalakwitsa palibe amene aime, akakhoza munthu amaima dzuwa likuswa mtengo nkuwerenga mpaka kumapeto.

Komanso zoti ndi mphwake wa buku zija mbiri ikuzitsutsa. Ku Mainz ku Germany cha m'ma 1454, Baibulo lotchuka la Gutenberg, amene anayambitsa makina osindikizira ku Ulaya, lisanathe nkomwe kusindikizidwa, makina anali atayamba kale kulavula timapepala ta mbali imodzi ta Mpingo, tokhala ndi mpata wolembapo dzina la munthu amene wapereka ndalama kuti akhululukidwe zilango za machimo. Timapepala ta mtundu womwewo ndi tomwe tinadzamukwiyitsa Martin Luther mu 1517, ndipo mfundo zake 95 zija nazonso zinayenda pa pepala limodzi losindikizidwa ku Leipzig ndi ku Nuremberg. Nyuzipepala inabwera pambuyo, inapeza pepala la pakhoma lili kale pa ntchito.

Ya ku America nde imandiseketsa. Chikalata cha ufulu wawo chomwe aliyense amachidziwa, cholembedwa pamanja chokhala ndi masiginecha ambirimbiri chija, anthu ambiri anachisaina pa 2 August 1776, patapita pafupifupi mwezi. Chomwe anthu wamba anaona ndi kumva ndi broadside yomwe John Dunlap anasindikiza ku Philadelphia usiku wa pa 4 July, makope akuti pafupifupi 200, pali mayina a akuluakulu awiri okha, John Hancock ndi Charles Thomson. Imeneyo ndi yomwe inakwera pamahatchi, ndi yomwe asilikali a George Washington anawerengeredwa ku New York pa 9 July. Lero otsala odziwika ndi 26. Limodzi munthu wina analipeza mu 1989 litabisala kuseri kwa chithunzi chakale chomwe anagula madola 4 pamsika wa zakale ku Pennsylvania, iye ankangofuna felemu yokha, ndipo mu 2000 pepala lomwelo linagulitsidwa madola 8.14 miliyoni. Sungani nambala imeneyi, tibwereranso kwa iyo, chifukwa ndi pomwe matenda anayambira.

Tisanamizane kuti broadside inali ya anthu oyera mtima okhaokha omenyera ufulu. Yambiri inali ya miseche ndi magazi. Ku England kuyambira zaka za m'ma 1500 ankagulitsa nyimbo pa pepala mtengo wake kobiri limodzi, pamwamba atalemba kuti iyi muyimbe ndi chuni cha nyimbo yakutiyakuti yomwe aliyense akuidziwa kale, ndiye wogulitsa amaima pakona nkumaimba, wakomedwa nayo ugule ukamate kunyumba kapena kumalo omwera mowa. Mngerezi wina, Samuel Pepys, anatolera zoposa 1,800 ndipo mpaka pano zili ku Magdalene College ku Cambridge. Katswiri wa bizinesi imeneyi anali James Catnach wa ku Seven Dials mu London, amene anayamba mu 1813. Munthu akati apachikidwe, mawu ake omaliza amakhala atasindikizidwa kale iye asanatsegule nkomwe pakamwa, ndakatulo ya kulapa kwake italembedwa ndi mlakatuli wanjala amene walipidwa shileni imodzi. William Corder atapachikidwa mu 1828 chifukwa chopha Maria Marten, akuti mapepala a nkhaniyo anagulidwa oposa 1 miliyoni. Catnach yemweyo mu 1818 anakagwira ndende miyezi 6 chifukwa chosindikiza bodza loti wogulitsa nyama wina amaika nyama ya anthu mu masoseji. Nde amene mumati fake news inabwera ndi Facebook, pepani, munaipeza.

Koma taonani chomwe anthu amenewa ankadziwa. Chithunzi ankachisema pa thabwa, ndipo thabwa limodzi limagwira ntchito zaka ndi zaka, nkhope yomweyo lero ndi wakupha wa ku Suffolk, chaka chamawa ndi msilikali wosiya chibwenzi, palibe amene amadandaula. Anthu ophunzira amaseka zimenezi ngati ulesi. Ine ndimaona nzeru. Chithunzicho ntchito yake sinali kukuonetsa nkhope yeniyeni ya munthu, chinali ngati ng'oma yoitanira, ukaona mtengo wopachikirapo ndi kamunthu kakulendewera udziwiretu uli kutsidya kwa msewu kuti apa pali nkhani ya mtundu wanji, olo usakudziwa kuwerenga, ugule ukapatse mwana wa sukulu akuwerengere. Mutu wa zilembo zikuluzikulu umakukoka uli patali, chithunzi chimakuimika, ndakatulo ya zilembo zing'onozing'ono imakusunga. Masitepe atatu amenewa alipobe mpaka lero ndipo ambiri amene amadzitcha ma designer sawadziwa.

Ku Mexico José Guadalupe Posada anatenga ntchito yomweyi nkuikweza kufika pena. Ankajambulira wosindikiza wina dzina lake Antonio Vanegas Arroyo, mapepala otchipa amitundumitundu okhala ndi nyimbo za zigawenga, ngozi, zozizwitsa, komanso mafupa a anthu akufa atavala bwino akuvina, akukwera njinga, akunyada. Chigaza cha mzimayi chovala chipewa chachikulu cha nthenga chija, chomwe pano chili pa ma T-shirt dziko lonse, chinatuluka pa pepala lotere pamodzi ndi mavesi onyoza anthu odzitukumula ofuna kuoneka ngati a ku Ulaya. Mavesiwo pano palibe amene amawakumbukira, chithunzi chinawameza. Posada mwini wake anamwalira mu 1913 nkuikidwa m'manda a amphawi. Apa ndivomereze kuti ukwati wa mawu ndi chithunzi sukhala wamtendere nthawi zonse, pena mmodzi amapondereza mnzake, ndipo mlakatuli amene akuopa zimenezi sakuopa zopanda pake.

Koma chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Detroit, ku America. Pa 15 September 1963 azungu atsankho anaphulitsa bomba pa tchalitchi cha 16th Street Baptist ku Birmingham, Alabama, nkupha atsikana anayi achikuda. Dudley Randall, bambo wa ku Detroit wogwira ntchito mu laibulale, analemba ndakatulo yotchedwa Ballad of Birmingham, ya mayi amene akukaniza mwana wake kupita ku zionetsero poopa agalu ndi mfuti za apolisi, nkumutuma kutchalitchi komwe akuti nkotetezeka. Woimba wina, Jerry Moore, ataiika chuni, Randall anafuna kuteteza umwini wake, nde mu 1965 anatenga madola 12 nkuisindikiza pa pepala limodzi. Madola 12, abale. Mmenemo ndi momwe munabadwira Broadside Press, kampani yomwe inayambira m'nyumba mwake nkudzatulutsa Nikki Giovanni, Sonia Sanchez, Audre Lorde, Don L. Lee, ndi Etheridge Knight amene ankalemba ali mundende. Gwendolyn Brooks, munthu wakuda woyamba kupata mphoto ya Pulitzer mu 1950, anasiya kampani yayikulu ya ku New York nkupita kwa Randall. Sanayambe ndi ofesi, sanayambe ndi proposal yopita kwa ma donor, anayamba ndi pepala lomwe munthu wogwira ntchito pa fakitale ya magalimoto angagule ndi chenji cha m'thumba.

Mu 1966 Broadside Press inatulutsa ndakatulo ya Brooks yotchedwa We Real Cool, ndipo apa ndi pomwe mfundo yanga yonse yagona. Ndakatuloyo ndi yaifupi zedi, mizere 8, mawu 24, ikukamba za anyamata 7 othawa sukulu omwe amangokhalira kusewera pool, akudzitama, ndipo mzere womaliza ukunena za kufa msanga. M'buku imakhala pakati pa tsamba loyera, zilembo zaulemu, ngati mwana wovala yunifomu yosita. Pa broadside, Cledie Taylor anatembenuza zonse, pepala lakuda bii, zilembo zoyera zolembedwa pamanja zosalongosoka ngati za choko. Mwadzidzidzi sukuwerenganso mayi wolemekezeka akukamba za anyamata, ukuona ngati anyamatawo alemba okha, pa bolodi la sukulu yomwe anaithawa ija, kapena pakhoma usiku. Palibe liwu limodzi lomwe linasinthidwa koma wolankhula wasintha. Tsono wina andiuze kuti Taylor anangokongoletsa. Anaiwerenga ndakatuloyo kuposa aphunzitsi ambiri a literature, kungoti yankho lake analemba ndi mtundu wakuda ndi woyera osati ndi essay.

Nde tibwerere ku madola 8.14 miliyoni aja. Masiku ano ku America ndi ku Britain mawu oti broadside akatchulidwa, kawirikawiri akutanthauza chinthu china. Ndakatulo ya mlakatuli wotchuka imasindikizidwa ndi makina akale a zilembo zachitsulo aja, pa pepala lokhuthala lodula, makope ochepa owerengeka, lililonse lili ndi nambala yake ndi siginecha, ndipo wogula amakaliika mu felemu ya galasi pabalaza. Nzokongola, sindikana, ukaligwira umamva zilembo zitalowa m'pepala ngati mphini. Koma chinthu chomwe chinabadwira kuti chifike kwa aliyense pano chikunyadira kuti chili ndi anthu 50 okha. Catnach ankadzitama kuti wagulitsa zambiri, awa akudzitama kuti asindikiza zochepa. Makina omwe Brady ankawatukwana usiku uja pano ndi chinthu cha anthu a ndalama, ena mpaka amachita kufuna inki yosagwira bwino dala kuti zioneke zachikale. Umphawi wasanduka sitayilo. Ine ndimati imeneyo ndi nkhuku ya pa chionetsero cha zaulimi, nthenga zili bwino koma siikira mazira.

Anzanga okonda zimenezi amandiyankha kuti kodi luso likhale lonyansa kuti likhale la anthu? Ayi, ndipo ali ndi umboni wabwino. Ku Dublin komwe kuja Elizabeth Yeats ndi kampani yake ya Cuala Press, momwe munkagwira ntchito azimayi, anatulutsa A Broadside mwezi ndi mwezi kuyambira 1908 mpaka 1915, zonse 84, zithunzi za mchimwene wake Jack B. Yeats zopakidwa utoto pamanja, makope 300 pa mwezi. Nzabwino kwambiri ndipo zinasunga nyimbo zakale zomwe mwina zikanatayika. Koma tinene zoona, zinali zopinda, zopita kwa olembetsa, ndipo sizinanyowepo ndi mvula. Zinali chikumbutso cha msewu chopangidwira anthu osayenda pansi. Mdzukulu weniweni wa broadside kwa ine ali mu sitima za pansi pa nthaka za ku London, momwe kuyambira 1986 amamata ndakatulo pakati pa zotsatsa malonda, ndipo New York inatengera mu 1992. Mmenemo munthu sanapite kukafuna ndakatulo, watopa, akuchokera ku ntchito, wakweza maso, yamupeza yokha.

Tsono kwathu kuno. Musaganize kuti nkhaniyi ndi yachilendo, ife pepala limodzi timalidziwa mphamvu yake. Amene munalipo mu 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, mukukumbuka timapepala topanda dzina tomwe tinayamba kuyenda, tochita fotokope mobisa, kupatsirana pansi pa tebulo, ndipo anthu anamangidwa chifukwa chongopezeka nako kamodzi. Boma lomwe linali ndi wailesi yonse ndi nyuzipepala yonse linkanjenjemera ndi makina a fotokope. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 nkhani yonse ya tsogolo la dziko inapanikizidwa mu zithunzi ziwiri, nyali ndi tambala wakuda, ndipo agogo osadziwa a kapena b anamva bwinobwino. Kumwera kwathu ku Gaborone, ku Botswana, gulu la Medu Art Ensemble, momwe munali mlakatuli Mongane Wally Serote ndi wojambula Thami Mnyele, linkapanga maposta olowetsa mozemba ku South Africa, ndipo Mnyele anaphedwa asilikali a boma la tsankho atalowa mu mzindawo pa 14 June 1985. Palibe amene amatumiza asilikali kuwoloka malire chifukwa cha zokongoletsa.

Nanga lero makoma athu ali ndi ndani? Yendani mu Limbe, mu Area 25, pa depoti iliyonse. Mapolo a magetsi atengedwa ndi asing'anga obweza mwamuna wothawa ndi okulitsa zakutizakuti, makoma atengedwa ndi ma crusade, ma loan a pompopompo, sukulu za driving ndi nkhope za andale zomwe zimatsala zikusuluka zaka zisanu. Ndipo ndinene mosapsatira, sing'anga amaidziwa ntchito ya pepala kuposa ife olemba. Mawu ochepa, zilembo zakuda zonenepa, vuto lako lili pamwamba, nambala ya foni ili pansi, umawerenga uli m'minibasi ikuyenda. Alakatuli tilipo ambiri, ndipo Amalawi ndakatulo amaikonda, mvetserani pawailesi, pitani pa ukwati kapena pa mwambo wa sukulu muone mmene anthu amakuwira mlakatuli akagunda mzere wabwino. Koma ndakatulo yathu imakhala m'khutu mokha. Ikafuna kulowa m'maso timadikira buku, ndipo buku limadikira ndalama, ndalama ikudikira bwana wina amene adzagule kope limodzi pa launch ndi mtengo wodzionetsera, mabuku otsala nkukagona m'katoni pansi pa bedi mpaka chiswe chiwapeze.

Ndikudziwa chomwe achinyamata anene, akulu inu mwatsalira, broadside yathu ndi status ya pa WhatsApp ndi ka flyer ka pa Facebook. Mbali ina akunena zoona, chithunzi chimodzi, mawu ochepa, chimayenda mwachangu kuposa hatchi ya Dunlap, ndipo sichifuna guluu. Koma status imafa pakatha maola 24, imafuna bundle, ndipo imaonedwa ndi anthu omwe ali kale ndi nambala yako, azibale ako ndi anzako a ku sekondale omwe adzakuikira ka moto olo asanawerenge. Khoma silisankha. Pamzere wa kuchigayo, pa benchi ya kuchipatala, mu barbershop, pamalo odikirira basi pali anthu omwe akhala maola awiri alibe chowerenga, awerenga kale posta ya katemera kasanu. Munthu ameneyo sakukudziwa, alibe nawe ngongole ya ulemu, akaima nkuwerenga mpaka pansi ndiye kuti ndakatuloyo yagwira yokha. Komanso pa foni chala chimakhala chili chire kuthawira kwina, pomwe pepala likakhala pakhoma mwezi wathunthu umaliwerenga Lolemba osamva, Lachinayi nkumva, sabata yamawa wayamba kuliloweza osadziwa.

Zovuta zilipo, mvula imachotsa, ana amang'amba, a khonsolo ali ndi malamulo awo pa zomata m'tauni ndipo mwini khoma uyenera kumupempha, tisawonjezere zinyalala pa zomwe zilipo kale. Koma zonsezo nzazing'ono poyerekeza ndi vuto lenileni, lomwe ndi maso athu. Ine ndinayesapo. Ndinatenga ndakatulo yanga ya mizere 12, yokamba za mayi anga akusenza madzi m'bandakucha, nkupita nayo pa kashopu kena kosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mnyamata wake waulemu bwino, anati bwana musadandaule ndikupangirani design ya boma. Nditabwerako ndinapeza maluwa ofiira m'makona onse anayi, kumbuyo kuli dzuwa likulowa panyanja ya dziko lina, nkhunda ziwiri zoyera, mutu uli mu zilembo zopotanapotana zagolide zosawerengeka, vesi iliyonse ndi font yakeyake, ndipo mizere yanga anailumikiza kuti ikwane bwino pakati, poti anaona ngati ndinkangodula mawu mwangozi. Mayi anga anasowa mmenemo. Ndinalipira ndithu chifukwa mnyamatayo anagwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo cholakwa chinali changa, ndinamupatsa mawu osakhala naye pansi kuti awerenge.

Ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti wopanga maonekedwe ndi mlembi mnzako, ndipo mlembi mnzako sumutumizira mawu pa WhatsApp nkuti upange zokongola. Mumakhala limodzi, amawerenga mokweza, mumakangana kuti liwu lalikulu ndi liti, mpata woyera ukhale pati, chifukwa mpata woyera pa pepala uli ngati pamene mlakatuli amapumira pa siteji, ukaudzaza ndi maluwa wamutseka pakamwa. Chichewa chilinso ndi zake zomwe template yochokera kunja siidziwa, mawu athu ndi aatali, liwu limodzi ngati "ndikanakuuzani" ladya kale theka la mzere, nde zilembo zomwe zimakhala bwino pa Chingerezi kwa ife zimathyola mzere pamalo olakwika. Ndipo tili ndi ojambula zikwangwani pamanja, omwe amalemba pa magolosale, pa ma saluni ndi kumbuyo kwa malole, anthu odziwa kupanga chilembo choti chioneke uli kutsidya kwa msewu. Amenewo ndiye a Cledie Taylor athu, koma sindinamvepo mlakatuli akuti ndikufuna ndigwire ntchito ndi amene analemba pa butchala paja.

Ulendo wachiwiri ndinachita zomwezo. Ndinapita kwa mkulu wina wolemba zikwangwani pafupi ndi msika wa kwathu, ndinamuwerengera ndakatulo ija kawiri, anakhala chete, kenako anati apa chachikulu ndi ndowa. Analemba mizere yonse ndi burashi pa pepala loyera, inki yakuda yokha, pamwamba anajambula ndowa imodzi yopanda munthu, madzi akutayikira pang'ono mbali imodzi, ndipo mzere womaliza anausiya patali pansi wokhawokha. Ndinachita fotokope pa A3 makope 20. Limodzi ndinapempha kumata mu barbershop yomwe ndimametetsa, pakati pa posta ya masitayilo a tsitsi ndi kalendala ya chaka chatha. Patatha milungu itatu ndinapitanso kukameta, ndinapeza lilipobe, kona imodzi yapindika, pali kadontho ka mafuta, ndipo munthu wina anatenga bolopeni ya buluu nkukhwatcha liwu limodzi mu mzere wa 7, pamwamba pake nkulemba lina. Ndinafunsa wometa kuti ndani wachita zimenezi, anati kaya, amabwera ambiri. Ndakhala ndikuliyang'ana liwulo pagalasi nthawi yonse yomwe amandimeta, ndipo lake lija likukhala bwino kuposa langa.